Mphepo Siidathetse Njala ya ku Wimbe

Tsiku lina Lamulungu, Misa yachiwiri itatha, achinyamata a pa parishi ina ya pakati pa Balaka ndi Liwonde adapachika nsalu yoyera pakhoma la holo, natchinga mazenera ndi zitenje za amayi awo, nayatsa jenereta kuseri kwa nyumba. Adatiitana tonse, makolo ndi ana omwe, kuti tidzaonere kanema wa mwana wa ku Kasungu, William Kamkwamba, wotchedwa The Boy Who Harnessed the Wind, kutanthauza mnyamata amene adaweta mphepo. Holo idadzaza thothotho. Pamene njala idafika pachimake m'kanemamo, m'nyumba monse mudangoti zii. Ndipo pamene makina a mphepo adayamba kuzungulira, madzi n'kutuluka m'chitsime kuthamangira m'mizere youma, amayi adaimba nthungululu ngati kuti mkwati walowa m'mudzi. Ifenso, tisabise, misozi idalengeza m'maso.

Tikutuluka, agogo ena a mu mphakati wathu, amene njala ya 2002 adaiona ndi maso awo, adaima pakhomo nafunsa kuti: "Ana inu, ngati mphepo idathetsa njala ku Kasungu, kodi kuno ku Balaka mphepo kulibe? Nanga bwanji ife tikungovutikabe chaka ndi chaka?" Palibe amene adawayankha. Koma mnyamata wina wa Fomu 3, titamufunsa ngati adzawerenge buku limene kanemayo adachokera, adaseka nati: "Bambo, bukulo n'lachiyaninso? Nkhani yonse taiona kale."

Mau a mnyamatayo ndiwo atikhazika pansi kuti tilembe, pakuti si ake yekha. Tawamvapo kwa makolo, tawamvapo kwa akuluampingo, tawamvanso ngakhale kwa aphunzitsi amene ntchito yawo n'kuphunzitsa ana kuwerenga. Tsono ife tikunena mosapsatira kuti mau amenewa ndi onama, ndipo umboni wake ndi funso la agogo aja. Iwo sadamve molakwa ayi. Adamva bwino lomwe zimene kanema adawauza. Cholakwa chili m'kanemamo. Mphepo siidathetse njala ya ku Wimbe, ndipo amene akutiuza zimenezi ndi William mwini wake, m'buku limene mnyamata wathu akuti n'losafunika.

Tisanapite patali tiyambe tapereka ulemu pamene payenera ulemu, kuopa kuti wina angatiyese adani a zithunzi. Kanemayu adatuluka m'chaka cha 2019, ndipo adamukonza ndi Chiwetel Ejiofor, katswiri wa zisudzo wobadwira ku London kwa makolo a ku Nigeria, yemwenso adasewera ngati bambo ake a William. Munthuyu akadatha kukajambulira kwina kumene kuli misewu yosalala, osewera onse n'kumayankhula Chingerezi chokhachokha. Koma iye adabwera ku Kasungu konko, naphunzira Chichewa, nachititsa kuti anthu a m'maiko akutali amve chiyankhulo chathu pa Netflix. Zoona, Chichewa chake pamodzi ndi cha Maxwell Simba, mnyamata wa ku Kenya amene adasewera ngati William, chidaseketsa ana m'holo muja, ndipo pena tinkachita kudikira kuti ayankhule Lily Banda, mwana wa kwathu konkuno, kuti makutu apumeko. Koma mlendo amene wayesetsa kutipatsa moni m'chinenero chathu sitimuseka mpaka kumuchititsa manyazi. Ndiponso zilipo zimene kanema amatha koposa buku: nkhope ya mayi wogawa kansima kamodzi kwa banja lonse, fumbi la anthu olimbirana chimanga pa msika wa boma, Gule Wamkulu akutulukira pa maliro. Zoterezi zimalowa mumtima osagogoda.

Eklezia nayenso sadane ndi kanema. Papa Pius XII adalemba kalata yotchedwa Miranda Prorsus m'chaka cha 1957 yonena za kanema, wailesi ndi wailesi ya kanema, ndipo Msonkhano Wachiwiri wa ku Vatican udatulutsa chikalata cha Inter Mirifica mu 1963 chovomereza kuti zipangizo zimenezi ndi mphatso zoyenera kuzigwiritsa bwino ntchito. Pa Balaka pompano ansembe a chipani cha Montfort adaika makina osindikizira mabuku, nakhazikitsanso Luntha TV; sadaone kuti ziwirizi n'zodana. Mkangano wathu suli ndi nsalu ya pakhoma ija. Uli ndi munthu amene waonera maola awiri osakwana n'kumati wadya nkhani yonse, chikhalirecho wangonunkhiza.

Tiyeni tsono tiike awiriwa pa mphasa imodzi. Buku lidatuluka mu 2009, ndipo William adalilemba mothandizana ndi mtolankhani wa ku America, Bryan Mealer. Si nthano yopeka monga za kalulu ndi fisi. Ndi mbiri ya munthu wamoyo, wobadwa mu 1987, wokulira m'mudzi wa Masitala ku Wimbe. Pa chifukwa chimenechi kusintha kulikonse kumene kanema wachita n'kolemera, popeza kukusintha zimene zidachitikira anthu enieni.

M'buku, njala idayamba kuluma kumapeto kwa 2001 nkufika pachimake m'miyezi yoyamba ya 2002. Banja lidayamba kudya kamodzi patsiku. Anthu adadya gaga, amene ife kuno timati madeya, chakudya cha nkhumba ndi nkhuku; kolera nayo idalowa m'midzi; anthu adagulitsa mbuzi, ziwiya ndi malata a padenga pa mtengo wolira. William adaleka sukulu ya sekondale ya Kachokolo chifukwa chosowa fizi. Nanga njalayo idatha bwanji? Idatha monga zimathera njala zonse za kwathu kuno: maungu adakhwima, dowe adacha, uja ife timati mondokwa, ndipo amene adatsala ndi moyo adaotcha nadya. Makina a mphepo adaimikidwa pambuyo pake, chimanga chili kale m'nkhokwe. Ndipo tsiku limene adazungulira koyamba sadatulutse dontho ndi limodzi lomwe la madzi. Adayatsa kababu kamodzi kakang'ono m'manja mwa mnyamata amene adakwera pa nsanja ya mitengo ya bulugama yotalika ngati mamita 5. Pambuyo pake magetsiwo adalowa m'chipinda chake, kenaka m'nyumba ya makolo, mababu n'kukwana 4, wailesi n'kumalira, anthu n'kumabwera kudzatchajitsa mafoni. Madzi othirira dimba adadza patapita zaka, nyuzipepala ya Daily Times italemba za iye mu 2006, iye atakayankhula pa msonkhano wa TED ku Arusha m'dziko la Tanzania mu 2007, ndipo anthu akufuna kwabwino atasonkha ndalama zokumbira chitsime.

Kanema watenga zaka zonsezi n'kuzipinda ngati chitenje, kuti mapeto akhudzane ndi chiyambi. Mwa iye mnyamata amanga makina njala ili m'kati, madzi atuluka, mbewu zimera m'chilimwe, mudzi upulumuka.

Wina adzati: "Kodi n'kanthu? Okonza kanema onse amatero. Nkhani iyenera kukoma." Inde, timadziwa kuti amatero. Koma chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo nyerere zake nazi. Njala ya 2002 siidadze ndi mitambo yokha. Mvula idavutadi, koma chimanga chimene boma linkasunga m'nkhokwe zake kuti chidzathandize pa tsiku loipa chidali chitagulitsidwa njala isanafike, ndipo atsogoleri adachedwa kuvomera kuti anthu akufa, mpaka pa 27 Febuluwale 2002 pamene adalengeza kuti dziko lili pa ngozi. Kanema sabisa zonsezi, tisamunamizire. Amaonetsa mfumu ikumenyedwa chifukwa chonena zoona pa msonkhano wa ndale. Koma pomaliza amachotsa katundu yense pamutu pa akuluakulu n'kumusenzetsa mwana wa zaka 14 ndi njinga ya bambo ake. Munthu amatuluka m'holo mtima uli mbee, akuganiza kuti mankhwala a njala ndi mwana mmodzi wanzeru pa mudzi uliwonse. Ngati zili choncho, ndiye kuti midzi ya kwa Kalembo ndi ya ku Ntaja imagona ndi njala chifukwa ana ake ndi ogona. Kodi zimenezi tingazivomere? M'mwezi wa Malichi 2024 boma lidalengezanso za ngozi ya chilala m'maboma 23 mwa maboma 28 a dziko lino, Balaka ndi Machinga ali m'gulu lomwelo. Amayi amene adawiritsa mango osakhwima chaka chimenecho sadasowe mwana wanzeru. Adasowa mvula, adasowa chimanga chotsika mtengo pa msika, adasowa nkhokwe ya dziko yodzaza pa nthawi yake. Buku limasiya mlanduwo pamene uli. Kanema amauthetsa ndi nthungululu.

Nyerere ina ndi yakuti kanemayu, pofuna kukweza William, wamuchepetsa. Zili ngati akunena kuti kababu kamodzi n'kochepa, sikangakwanire kanema, tiwonjezerepo chozizwitsa. Koma amene adakhalapo m'nyumba ya udzu nthawi ya dzinja, mafuta a nyali atatha, akudziwa kuti kuwala kwa usiku si chinthu chochepa. Mnyamata wosiya sukulu, wongochira kumene ku njala, amene anthu a pa msika ankamunena kuti wapenga ndiponso kuti akusuta chamba pomuona akutola zitsulo ku dzala la esiteti ya fodya, adapanga magetsi ndi fani ya thirakitala, mapaipi a pulasitiki owongoledwa pamoto ndi dayinamo ya njinga. Analibe choboolera, adatenthetsa msomali pamoto, chogwirira chake chili chitsononkho. Analibe mawashala, adasula zitsekerero za mabotolo. Swichi adaipanga ndi mphira wa patapata. Zimenezi zidamutengera miyezi, ndipo zina zidakanika, zina zidapsa, iye n'kuyambiranso. Kuona maso a nkhono n'kudekha, adatero akale. Koma kanema alibe nthawi yodekha, pakuti woonera angatope. Buku lokha ndilo lili ndi malo osungira kulephera, ndipo mwana amene sadaone kulephera kwa William adzataya zitsulo zake tsiku loyamba limene zidzakana kuzungulira.

Koma pamene mtima wathu wawawa koposa ndi pa nkhani ya nyumba ya mabuku. M'kanema, William atachotsedwa sukulu, apeza njira yolowera m'chipinda cha mabuku poopseza mphunzitsi wake: akuti mukapanda kundilola, ndikaulula kuti mukuyenda ndi mlongo wanga. Ana m'holo muja adaseka, naombera m'manja kuchenjera kwake. Makolo anzathu, kodi tidamva chimene ana athu adaphunzira pamenepo? Adaphunzira kuti khomo la nzeru limatsekulidwa ndi chinsinsi cha munthu wina chimene wachigwira m'manja. M'buku mulibe zoterezi. Mabukuwo adali m'kachipinda ka pa sukulu ya pulaimale ya Wimbe, mphatso yochokera ku America, ndipo khomo lake lidali lotsekukira aliyense. Mayi wina, mphunzitsi woyang'anira mabukuwo, ankamulandira mwana wosiya sukuluyo, namubwereka mabuku, namuthandiza mau ovuta. Palibe amene adaopsezedwa. Dayinamo nayonso, imene m'kanema imadza ngati malipiro a mlongo wothawa ndi mwamuna, m'buku adamugulira ndi mnzake wa pamtima, mwana wa mfumu, ndi ndalama za m'thumba mwake. Taonani tsono: pamene padali chifundo cha mphunzitsi ndi ubwenzi wa mnzake, kanema waikapo chiopsezo ndi malonda, poganiza kuti ubwino wamba sukoma kuonera.

Ndipo m'kachipinda kameneka ndimo muli mutu wa nkhani yonse. William sankadziwa bwino Chingerezi. Chimene chidamukoka ndi chithunzi: pachikuto cha buku lotchedwa Using Energy padali makina ataliatali a mphepo. M'buku lina la sayansi, Explaining Physics, ankayamba wayang'ana chojambula, n'kuona nambala yake, n'kukaifunafuna m'kati mwa mau, n'kumawerenga ziganizo zoizungulira liwu ndi liwu kufikira atamvetsa. Chithunzi chidali khomo. Iye sadakhale pakhomopo n'kumati wafika, adalowa m'nyumba. Akadanena ngati mnyamata wathu wa Fomu 3 kuti "ndaona kale pachikuto, za m'katizo n'zachiyaninso," bwenzi lero kulibe makina, kulibe buku, kulibe ndi kanema yemwe. Kodi si chinthu chomvetsa chisoni kuti mbiri ya mwana amene adapulumuka ndi kuwerenga ife taisandutsa chifukwa cholekera kuwerenga?

Za mkangano wa njinga tingodutsapo: kanema wakuza moto pakati pa bambo ndi mwana, pamene m'buku njingayo idali yakufa kale, yotsamira khoma, ndipo bambowo adangokayika kwa kanthawi asanalole. Koma za bambo yemweyo buku lili ndi chuma chimene kanema adachisiya panja. Limatiuza kuti pa unyamata wawo adali munthu wa mowa ndi ndewu, woopedwa pa Dowa ponse, kufikira tsiku limene adatembenuka mtima napereka moyo wawo kwa Mulungu; ndipo chikhulupiriro chimenecho ndicho chidawaimika nji pamene ana awo ankaonda. Limatiuzanso za mantha a ufiti amene William adakula nawo, za mphini zimene adatemedwa m'zala kuti akhale wamphamvu pa nkhonya, n'kukathera kumenyedwa. Limatiuza kuti patapita zaka, mvula itavutanso, anthu ena a m'dera lomwelo adaloza nsanja ija chala nati ndiyo ikuthamangitsa mitambo. Ife a kuno, amene tikudziwa zimene zimagwera nkhalamba zonamiziridwa ufiti mvula ikakana, tsamba limeneli likutikhudza koposa madzi a m'mizere aja. Kanema amathera pamene mudzi ukukondwera. Buku limapitirira mpaka pamene mudzi womwewo udatembenuka.

Nanga galu? Aliyense amene adaonera akumukumbukira Khamba, ndipo ana ambiri adalira pamene adafa. M'kanema galuyo angofa ndi njala, mwini wake n'kumulira. M'buku William akuulula chinthu cholemera: poona kuti galu wake watsala mafupa okhaokha ndipo palibe chomupatsa, adamutengera ku tchire, namumangirira ku mtengo, nachoka. Palibe amene adamukakamiza kulemba zimenezi. Akadatha kuzikwirira pamodzi ndi galuyo. Ife Akatolika, amene timagwada m'kachipinda kolapira n'kutchula ndi pakamwa pathu chimene tidachita, tiyenera kuzindikira msanga kusiyana kwa ziwirizi. Buku likulapa, kanema akukhululukira munthu tchimo limene sadamulole kulitchula. Ndipo amene adapyola m'njala amadziwa kuti chowawa chake si m'mimba mokha. N'zimene njalayo idawachititsa, zimene sazinena ngakhale kwa ana awo.

Tsono mlandu usagwere mnyamata wa Fomu 3 yekha. Ana amaotha moto umene akulu asonkha. Tiyeni tidzifunse, ife makolo a ku Ulongwe, ku Utale, ku Nsanama ndi ku Mpiri: m'chaka chathachi tidagula mayunitsi a foni kangati, ndipo buku tidagula kangati? Pa msika uliwonse pali kanyumba ka vidiyo kamene mwana amalowa ndi kandalama kochepa, ndipo pali anyamata olowetsa mafilimu m'mafoni. Koma mwana wofuna kubwereka buku apite kuti? Tikudziwa parishi ina, dzina tisatchule, kumene kuli kabati yodzaza ndi mabuku amene wansembe wina wachimishoni adasiya, ndipo kiyi wake adasowa zaka zapitazo; chiswe chokha ndicho chikuwerenga m'menemo. Ena amati mabuku akabwerekedwa sabwerera. N'zoona, ena sabwerera. Koma buku lobedwa ndi mwana wofuna kuliwerenga lagwira ntchito koposa buku lodyedwa ndi chiswe lili lokhomeredwa. Mayi uja wa ku Wimbe akadasunga kiyi m'thumba poopa kutaya mabuku, dziko lapansi silikadamva za Masitala.

Ndipo ife a Balaka tilibe podzikanira, chifukwa mphamvu ya mau olembedwa tidaiona pakhomo pathu. Kalata ya Maepiskopi athu imene idawerengedwa m'matchalitchi onse pa 8 Malichi 1992, ija idagwedeza ulamuliro wa chipani chimodzi, idasindikizidwa pa Balaka pano, ndipo anthu okwiya nayo adadzayatsa moto pa nyumba ya makinawo. Munthu sayatsa moto chinthu chopanda mphamvu. Makolo athu adabisa timabuku timeneto m'madenga ndi m'nkhokwe, podziwa kuti kupezeka nato kudali mlandu. Ana a anthu omwewo lero akufunsa kuti buku n'lachiyani.

Nanga tiwerenge chiyani? Funso limeneli si laling'ono monga limamvekera. M'chaka cha 1521 msilikali wina wa ku Spain adathyoledwa mwendo ndi chipolopolo cha mzinga pa nkhondo ya ku Pamplona. Ali chigonere kwawo, adapempha mabuku a nthano za asilikali ndi zachikondi amene ankawakonda; m'nyumbamo mudalibe, ndipo adampatsa buku la moyo wa Khristu ndi lina la mbiri za anthu oyera. Adawerenga chifukwa chosowa chochita. Koma adayamba kuzindikira kanthu: maganizo a ulemerero wa dziko ankamukondweretsa pa nthawiyo n'kumusiya wouma pambuyo pake, pamene maganizo ochokera m'mabuku awiri aja ankamusiyira mtendere wokhalitsa. Munthuyo ndiye Ignatius Woyera wa ku Loyola. Muyeso wake ndi wabwino mpaka lero, pa buku ndi pa kanema pomwe: tisafunse m'mene tidamvera tili m'holo, tifunse chimene chidatsala mwa ife m'mawa mwake. Kanema uja adatisiyira chisangalalo cha madzulo amodzi ndi funso la agogo lopanda yankho.

Choncho loyamba kuwerenga ndi buku la William lomwelo, ndipo amene aonera kale kanema ndiwo ayenera kuliyamba msanga. Lili m'Chingerezi, inde, koma lilipo lina lofupikitsidwa ndi kupepukitsidwa chifukwa cha ana a sukulu, ndipo pafupifupi mudzi uliwonse uli ndi mwana wa sekondale amene angawerenge ndi kumasulira akulu. Tikatero tisathamangire kufunsa kuti ndi buku liti lina limene lili ndi kanema wake, ngati kuti buku limayamba labatizidwa ndi Netflix kuti likhale loyenera. Tisathamangirenso timabuku tija todzaza m'misika, tolonjeza chuma cha msangamsanga ndi zozizwitsa za tsiku limodzi. Matenda ake ndi omwewo a madzi otuluka njala ili m'kati.

Alipo mabuku a kwathu amene sabisa mtengo wa ulendo. Legson Kayira, mwana wa kumpoto kwenikweni kwa dziko lino, adanyamuka wapansi mu 1958 kufuna maphunziro ku America, atanyamula Baibulo ndi buku la Pilgrim's Progress. Adayenda mpaka ku Kampala, kumene m'nyumba ya mabuku adapeza dzina la sukulu ya Skagit Valley nailembera kalata; adapitirira mpaka ku Khartoum, nakafika ku America kumapeto kwa 1960. Mbiri yake, I Will Try, idatuluka mu 1965. Taonani, nayenso khomo lake lidali nyumba ya mabuku yotsekula. Kwa amene Chingerezi chimawavuta, alipo Nthondo, buku la m'Chichewa limene Samuel Josia Ntara, mphunzitsi wa ku Nkhoma, adalemba napambana nalo mpikisano wa olemba a mu Africa mu 1933. Limatsata munthu kuyambira kubadwa mpaka kufa: mwana wovuta, wakuba, woyendayenda, amene potsiriza adatembenuka nakhala mfumu ya mudzi. Wina adzadandaula kuti Kamkwamba, Kayira ndi Ntara onse adakulira m'mipingo ina, si Akatolika. Tikudziwa, ndipo chimenechi chitichititse manyazi pang'ono, chitikumbutsenso kuti anzathuwo adagwiritsa ana awo buku msanga. Choona sichifunsa kalata ya ubatizo. Ndipo m'Malembo Oyera amene ali kale m'nyumba zathu, banja limene laonera kanemayu likatsekule buku la Genesis kuyambira mutu 41, liwerenge za Yosefe ku Ejipito. Kumenekonso kudali njala, ndipo siidathe ndi chozizwitsa cha tsiku limodzi. Idapepuka chifukwa munthu wina adasunga tirigu zaka 7 osamugulitsa.

Mu mphakati wathu tidamugwira mnyamata wa Fomu 3 uja pa mau ake omwe. Tidabwereka buku la William kwa mphunzitsi wina wa ku Liwonde, ndipo Lachitatu lililonse, tikatha kugawana Mau a Mulungu, iye amawerenga masamba angapo ndi kumasulira. Poyamba ankachita monyinyirika, maso ali pa foni. Tsiku limene tidafika pa galu womangiriridwa ku mtengo adaima pakati pa chiganizo, nayang'ana tsambalo nthawi yaitali, nati: "Koma izi m'kanema munalibe." Agogo aja adayankha kuti: "Werenga, mwana wanga, ifenso tili ndi zathu zimene tidamangirira ku mitengo chaka chimenecho." Tatsala ndi mitu yowerengeka kuti timalize, ndipo mkangano wabuka kale wa buku lotsatira. Achinyamata akufuna Kayira chifukwa cha ulendo wake. Amayi akufuna Nthondo kuti amve okha popanda womasulira. Ife taima ndi amayi. Vuto n'lakuti Nthondo amene tapeza ndi mmodzi yekha, wa m'sutikesi ya mphunzitsi wina wopuma ntchito ku Ntaja, ndipo masamba ake oyamba adadyedwa ndi mphemvu. Ngati alipo wowerenga tsamba lino amene ali ndi wathunthu, atumize uthenga kudzera kwa akonzi.